Nzeru za Kalongonda

Mayfair, Joni
13 Febuluwale 1955

Wokondedwa mkazi wanga Elenala,

Ndayamba ndi moni kwa inu ndi kwa mwana wathu Jenifa. Moyo wanu uli bwanji kumeneko? Ine kuno ndili bwino, kungoti chifuwa chimandipeza m'mawa chifukwa cha utsi wa malasha. Mundiperekere moni kwa apongozi, kwa amalume anu a Saulos, ndi kwa aphunzitsi amene akukuwerengerani kalatayi.

Ndaika mapaundi awiri pa positi. Mulipire msonkho, yotsalayo mupeze munthu akonze denga mvula isanatsirize kuligwetsa. Ikatsalako mugulire Jenifa kadiresi ku Songani, koma musatenge nsalu ya maluwa ofiira, imeneyo imasuluka tsiku loyamba lochapa.

Tsono nkhani imene yandisowetsa mtendere ndi iyi. Kwafika munthu wa kwa Kuntumanji sabata yatha, ndipo wandiuza kuti amalume ayamba kunditchula mtchona pamaso pa anthu. Akuti zaka zinayi zakwana, mkamwini wanji amene mwana wake sadziwa nkhope yake. Wandiuzanso kuti Dunstan wogula matemba ku Kachulu uja, masiku ano njinga yake imangophwera pafupi ndi nyumba yathu. Sindikukunenani inu ayi. Ndikungodabwa njingayo, kuti msewu wonse wa ku Zomba minga ili pakhomo pathu pokha.

Amalume sindingalimbane nawo, ndiwo mwini mbumba, akati ukwati watha ndiye kuti watha. Koma ndikudziwa chimene amachikonda. Chibwerereni ku nkhondo ya Keyala sanasiye kukamba za khofi amene ankamwa ku Abisiniya, mpaka ana a m'mudzi nkhaniyo anailoweza. Nanga ine ntchito yanga kuno n'chiyani? Pa nyumba ino ndine khukhi, koma chimene chikundisunga ndi khofi.

Muno muli akazi awiri ndi khofi wa mitundu iwiri. Pali gogo wachibunu, amake a bwana, timawatcha a Owuma. Iwo khofi wawo ndi wa m'kathumba. Amagula njere zaziwisi, ine ndimakazinga mu uvuni, n'kupera pa kachigayo kopukusa ndi dzanja. Ufawo timauika m'kathumba ka fulanelo kolendewera pa waya m'kati mwa ketulo, n'kumathira madzi otentha pang'onopang'ono. Inu mutaona mungati tikutcheza chidulo. Amachedwa, koma amatuluka wopanda masese ndipo sakanda pakhosi.

Ndiye pali adona, akazi a bwana. Iwo anagula m'tauni chinthu chotchedwa pekoleta, poto wa kapaipi pakati ndi kagalasi pa chivundikiro. Ukaika pa chitofu madzi amakwera okha m'kapaipimo, n'kumalumpha m'kagalasi, n'kumagwera pa khofi. Amafulumira ndithu, ndipo fungo limadzaza nyumba yonse, koma ukangotembenuka kuti uone mazira, wawawa kale ngati ndulu. Bwana alibe mbali. Amamwa amene wayamba kufika patebulo, n'kuthawira kuntchito.

M'mawa uliwonse ndimaphika onse awiri, akazi awiriwa akundiyang'ana kuti ndiyamba ndi uti. Ndikayamba kathumba adona anyanyala, ndikayamba pekoleta a Owuma agogoda ndodo pansi. Chitupa changa chokhalira m'tauni amasaina ndi bwana, koma amene amawauza kuti asaine ndi amayi awo. Ndiye ndimayamba kathumba.

Jameson, mnzanga tinabwera naye uja, akubwera kumudzi mu Epulo. Ndidzamupatsa kanthu ka amalume. Pakali pano musawauze.

Ndine mwamuna wanu,
Bizweki

Mayfair, Joni
17 Epulo 1955

Elenala mkazi wanga,

Moni nonse kumeneko. Ndikhulupirira Jenifa wachira chikuku chija. Ine ndili moyo, kuzizira kwayamba.

Jameson wakwera sitima dzulo. Wanyamula bulangeti lanu, sopo, ndi timaphukusi tiwiri ta amalume. Kalatayi sindinamupatse chifukwa munthu uja pepala lililonse limene walipeza m'thumba amakulungira fodya. Ibwera pa positi, mwina idzamupitirira.

Mvetsetsani tsono. Phukusi la chingwe chofiira ndi khofi wokazinga kale, ndakazinga ndekha. La chingwe choyera ndi wosakazinga, ameneyo musamukhudze, adzakazinga okha amalume mwa njira ya ku Abisiniya. Onsewo andipatsa a Owuma. Nditawafotokozera kuti kwathu mwamuna amakhala kwa mkazi, ndipo akhoza kuchotsedwa ngati wantchito, anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anatapa okha m'thumba lawo.

Wa chingwe chofiirayo muwakonzere amalume ndi manja anu, aone kuti pa nyumba pathu pakadali moyo. Musinje mu mtondo wotsuka bwino, osati uja wa tsabola. Asasalale ngati ufa woyera, akhale ngati misere yaing'ono. Musoke kathumba ka nsalu yoyera, mukachape kopanda sopo, mukamangirire pakamwa pa ketulo. Madzi akhale a pa chitsime, poti a m'nyanja ali ndi mchere ndipo a mu Likangala ndi matope okhaokha. Akawira muwaphule kaye apume pang'ono, ndiyeno muzithira. Dikirani adonthe okha, osafinya. Chimene chimamwedwa ndi madziwo, masese amatayidwa.

Kathumba kakakuvutani, iliponso njira yathu ya kuseri, ya ife antchito. Timatenga masese amene azungu atsiriza, timawiritsa m'chitini cha jamu, kenaka timaponyamo khala lamoto kuti masese akhale pansi. Amakoma ukakhala ndi shuga ndi njala. Koma amalume musawapatse wotereyo. Ndikuuzeni zoona, zaka zonsezi khofi woyamba wa m'kathumba sindinamwepo kapu yathunthu. Ndimalawa ndi supuni kuti ndidziwe ngati wakhala bwino, wangawo ndimamwera pa khomo la kuseri nditaimirira.

Mudzandilembere nkhope imene amalume adzaonetse akadzamwa. Aphunzitsi, musadzafupikitse pamenepo.

Lamulungu lapitali kunabwera alendo a yunifomu m'zipinda zathu za kuseri kudzaona zitupa. Changa chinali bwino. Issa wa nyumba yoyandikana nafe, Mchawa wa ku Chikala amene timacheza naye pa mpanda, chake chinatha mwezi watha. Anamutenga, chipewa chake chikadali pa msomali.

Mpunga uli bwanji? Mbalame musazilekerere.

Mwamuna wanu,
Bizweki

Mayfair, Joni
5 Juni 1955

Elenala,

Moni. M'thupi ndili bwino, koma mtima suli m'malo. Kalata yanu ndailandira Lachisanu, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati ndiseke kapena ndilire.

Ndiye kuti Jameson anafika kalata isanafike, amalume ali ku maliro ku Chisi, inu muli ku dambo kuingitsa mbalame, katundu n'kugwera m'manja mwa apongozi. Mukuti anamasula la chingwe chofiira, analuma njere imodzi, anamva kuwawa, n'kunena kuti uyu ndi kalongonda wa ku Joni. Ndikuwaona ndili kuno. Awiritsa, madzi ada bii, ataya. Athira ena, ada, atayanso, monga timachitira Alomwe ndi kalongonda kuti asaledzeretse kapena kupha anthu. Tsiku lonse nkhuni zikutha, khofi yense akupita kudzala. Madzulo athira mchere ndi phwetekere, n'kuwaikira amalume pa mphasa atangotsika m'bwato. Mukuti amalume anatafuna kamodzi, anazindikira kafungo kotsalako, n'kuyang'ana kudzala kumene bakha ankasambira.

Elenala, khofi ameneyo ndinakazinga nditaima pa uvuni, kutembenuza kuti isapserere ngakhale njere imodzi. Wayenda pa sitima, pa basi ndi pamutu pa Jameson kuti akamwe bakha? Kodi panalibe wofunsa? Kwa Jameson sikutali. Paja amati safunsa anadya phula. Zinthu za kuno sizifuna nzeru za kalongonda ayi. Munthu wosaphunzira akapeza chinthu chachilendo azidikira eni ake, osati kuthamangira mphika.

Mwayi wake la chingwe choyera sanalimasule. Lipite m'manja mwa amalume okha basi.

Kunonso nkhondo ya m'khitchini yakula. Adona anaitana anzawo a kutchalitchi, n'kundiuza kuti ndiphike khofi wa mitundu yonse iwiri, ndithire m'makapu ofanana, alendo anene wokoma osadziwa kuti ndi uti. Ankafuna kuchititsa manyazi gogo. Ambiri anasankha wa m'kathumba, wina mpaka anapempha wachiwiri, ndipo alendo atapita amene anakalipidwa ndine. Akuti pekoleta ndinaisiya dala pamoto. Sindinaisiye dala. Koma sindinaithamangirenso.

Kunena chilungamo pekoleta si yoipa. Ukaiphula kagalasi kakangoyamba kufiira, khofi wake amadzutsa munthu bwinobwino. Vuto lake imaphika madzi omwewo mobwerezabwereza mpaka kukoma kutha, pamene kathumba madzi amadutsa kamodzi n'kupita. Zimenezi adona sindingawauze.

Ndatumiza paundi imodzi. Mpunga musagulitse wonse kwa ogula oyamba, amenewo amabwera ndi mitengo ya njala. Za Dunstan simunandiyankhe.

Bizweki

Mayfair, Joni
24 Julayi 1955

Wokondedwa Elenala,

Moni kwa inu ndi kwa Jenifa. Ine ndilipo, koma chilandirireni kalata yanu chakudya sichikulowa.

Sindinkadziwa kuti makalata anga amawerengedwa pa khonde la apongozi, eni ake ali pomwepo akupeta mpunga. Aphunzitsi, inunso munthu wa sukulu, simukanalumpha mzere umodzi? Koma ayi, cholembera chinali m'dzanja langa. Mukuti apongozi anangonyamula lichero n'kulowa m'nyumba. Bola akanatukwana. Mayi amene anandidulira munda wa ku dambo ndilibe ngakhale khasu, ine n'kuwatcha wosaphunzira pamaso pa anthu. Mwambo sundilola kuwalembera okha, ndiye mundigwadire ndinu. Mugwire tambala wathu wamkulu uja, muwapatse, munene kuti wachokera kwa mkamwini wopusa.

Mawu a amalume ndawamva. Aphunzitsi awalemba monga anatulukira, ndipo ndawaloweza: "Khofi wosakazingayu ndamupachika kudenga. Bizweki akafika Khrisimasi isanapite, ndidzakazinga timwe naye. Akapanda kufika, ndidzakazinga tsiku lotsatira amwe ankhoswe, ndipo pa kapu yachitatu ukwati watha. Ndine msilikali, sindibwereza."

Njira yawoyo ndimaidziwa, ndani m'mudzimo saidziwa? Akuti ku Abisiniya amakazinga pa phale anthu onse atakhala pansi akuona, utsi n'kuuyendetsa kuti aliyense anunkhize. Amasinja pomwepo, n'kuwiritsa m'kamtsuko ka khosi lalitali. Sasefa ayi, amangopendeketsa kamtsuko kuti masese akhale pansi okha. Ndiye amamwa katatu pa khofi yemweyo, woyamba wamphamvu, wachiwiri wopepukirapo, wachitatu wotsanzikirana, ndipo wonyamuka asanamwe wachitatu ndi wamwano. Kale ndinkaseka chamumtima kuti khofi wa tsiku lonse ndi wa anthu opanda ntchito. Lero sindikuseka. Ndinatumiza khofi kuti andigulire nthawi, tsopano ndi khofi yemweyo akundiwerengera masiku kudenga.

Elenala, kubwera ndikufuna. Koma ndibwere bwanji ndi sutikesi yopanda kanthu? Ndinakulonjezani makina osokera tsiku limene ndinanyamuka, anthu akumva. Anzanga anabwerera ndi njinga ndi galamafoni, ine ndidzatsike basi pa Songani ndi bulangeti lokha, Dunstan akundiimbira belu? Ndikagwira mpaka Novembala ndalama ya makina ikwanira. Muwauze amalume kuti ndamva, sindikukana.

Masiku ano ndikamaliza ntchito sinditha kukhala m'chipinda. Ndimayenda mpaka pa mlatho wa njanji kukaona sitima zopita kumpoto, n'kubwerera. Sabata yatha ndinathira shuga m'botolo la mchere.

A Owuma sakutulukanso m'chipinda. Khofi ndimawapititsira ku bedi, amangonunkhiza n'kubweza. Adona ayamba kusuntha zinthu m'khitchini, kachigayo akatsitsa pakhoma.

Kodi Jenifa akafunsidwa kuti bambo ake ndani, amati chiyani? Mundiuze zoona.

Ndine wanu,
Bizweki

Mayfair, Joni
30 Okutobala 1955

Elenala mkazi wanga,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino ndipo mwayamba kusosa. Ine ndili bwino, musamve zonena za anthu.

A Owuma anatisiya, anaikidwa Lachiwiri. Ine kumanda sindinapite, ndinatsala kuphikira khofi anamalira, yense wa mu pekoleta. M'mawa mwake ndinapeza kathumba kaja kali m'bini ya zinyalala pamodzi ndi makoko a mazira. Zaka zonsezi gogo uja sanalole kuti kakhudze sopo, tinkangokatsukuluza ndi madzi n'kukayanika pamthunzi. Ndinakatola, ndakasunga. Anali olusa, ndodo yawo ndimaidziwa bwino, koma ndawalira.

Adona akuti pekoleta imaphika yokha, ndiye sakufunanso khukhi wa ku Nyasalande wodya malipiro a mwamuna. Alemba mayi wa konkuno. Pamenepo sananame, kathumba kamafuna munthu woima pambali pake, pekoleta imangofuna moto. Ndinayang'ana bwana kuti mwina anenapo kanthu, koma anakweza nyuzipepala.

Mwezi ukutha mawa, ndiye ndituluka. Chitupa changa chinalembedwa dzina la nyumba ino, ndikangodutsa pa geti chisanduka pepala wamba. Lamulo limati munthu wotere azipita kwawo. Mukhoza kunena kuti ndiye bwerani basi, ndipo simungalakwe. Koma makina aja atsala pang'ono kwambiri, Elenala. Ndinakawaona pa windo la sitolo, akuda, a maluwa agolide, opalasa ndi phazi.

Ndamva kuti ku Fordsburg kuli Mgiriki wa kasitolo ka zakudya amene akufuna munthu wodziwa khofi, ndipo safunsafunsa za mapepala. Akuti iwo amaphika m'kapoto kakang'ono ka mkuwa, ufa wosalala ndi shuga pamodzi, kukangotukuka thovu aphula, osasefa, amamwa mpaka kufika pa matope. Imeneyo ili pafupi ndi ya amalume, ndikaiphunzire ndidzawadabwitse. Ndigwira kumeneko mpaka pakati pa Disembala, kenaka sitima. Ndizigona kwa anzathu ku Alexandra, ndiziyenda m'mamawa magalimoto a apolisi asanayambe kuzungulira.

Makalata muzitumiza kwa m'bale wake wa Jameson, adiresi aphunzitsi ali nayo. Mwezi uno sinditumiza kanthu, mupirire.

Kodi apongozi analandira tambala? Simunanene. Amalume muwauze asatsitse phukusi, ndikubwera.

Mwamuna wanu,
Bizweki

Springs
20 Meyi 1956

Kwa amake Jenifa,

Ndikupatsani moni ngati mungaulandire. Ndili moyo. Mukhululuke zilembo.

Kwa Mgiriki sindinakhalitseko. Anandigwira pokwerera basi sabata yoyamba yomwe. Anandiuza kuti ndisankhe ndende kapena munda, ndinasankha munda poganiza kuti munda ndimaudziwa. Unali wa mbatata za kachewere, kutali chakum'mawa. Zovala anatilanda, tinkavala masaka obowola pamutu. Pepala ndi cholembera kunalibe. Zina si zolemba m'kalata yowerengedwa pakhonde. Issa ndinamupeza kumeneko. Iye sanatuluke.

Kumenekonso kunali khofi. Amawotcha chimanga mpaka chide, kusinja, kuwiritsa mu mgolo, n'kumatunga ndi chitini chimodzi tonse. Tsiku lotsatira Khrisimasi ndinamwa ameneyo pa mzere, ndikudziwa kuti kwanuko phale lili pamoto. Tikukumba ndinkanena chamumtima kuti tsopano akumwa woyamba, tsopano wachiwiri. Wachitatu sindinathe kumutchula.

Amalume sindikuwadandaula. Anandipatsa nthawi, ndinaidya ndekha. Pakadafunda padajiwitsa galu. Ngati munalowa m'nyumba ya Dunstan, kapena mukungodikira mawu anga kuti mulowe, mawu ake ndi awa: ndakumasulani. Aphunzitsi awerenge zimenezi pamaso pa amalume ndi ankhoswe kuti pasakhale wokuvutitsani. Munda wa ku dambo ubwerere kwa eni ake. Chopempha changa n'chimodzi, Jenifa asasinthidwe dzina.

Mawa ndipita ku Alexandra kukafuna katundu wanga. Kumene ndilowere pambuyo pake sindikudziwa.

Bizweki

Alexandra, Joni
24 Meyi 1956

Elenala mkazi wanga,

Aphunzitsi, ndayamba ndi inu moni asanabwere. Ikubwera kalata ina yochokera ku Springs, ya envelopu yakhaki. Musaitsegule. Ngati mwaitsegula kale, musaiwerenge mokweza. Mzere umodzi munakana kulumpha chaka chatha, lero ndikupempha mulumphe kalata yonse. Ino ndaikweza ndege kuti iipitirire inzakeyo.

Tsopano moni, Elenala. Moni kwa Jenifa. Ndili moyo, ndaonda, koma miyendo ikuyenda. Kumene ndinali miyezi yonseyi ndidzakuuzani pakamwa. Ndinagwidwa chifukwa cha chitupa, sindinakutayeni.

Ndamupeza Jameson, anabwerera kuno mu Malichi. Atandiona anathawira kuseri kwa chitseko, ankayesa mzukwa. Mtima utakhala pansi anandiuza za tsiku lotsatira Khrisimasi lija, poti analipo. Ndikulemba monga wandiuzira, mudzandikonze pamene wawonjezera.

Akuti ankhoswe anafika m'mawa, mphasa zitayalidwa pansi pa mtengo wa mango. Dunstan anavala jekete kutentha konse kuja, njinga ataitsamiritsa poonekera. Inu munali m'khitchini osatuluka. Amalume anavala mendulo zawo, anaika phale pamoto, anakwera pa mtondo kuti atsitse phukusi kudenga. Anapeza chingwe choyera chokha chikulendewera. Akufunafuna, anamva madzi akukhuthulidwa kuseri. Kupita kumeneko, apeza apongozi pa mafuwa, mphika uli pamoto chiyambire m'bandakucha, madzi akupita kudzala.

Akuti amalume anakuwa, "Achemwali, mwachitanso? Sindinakuuzeni kuti ameneyu si kalongonda?"

Apongozi osatembenuka n'komwe, akusonkhezera moto, anati, "Ine ndine wosaphunzira, achimwene. Mkamwini wanga analemba yekha kuti nzeru zanga n'za kalongonda. Nanga inu mumayembekeza kuti ndiphika bwanji?"

Jameson akuti amalume anayamba kusisita ndevu, osadziwika ngati ndi mkwiyo kapena akubisa kuseka. Dunstan anadzipereka kuti apalasa njinga mpaka ku Zomba akagogode kwa Amwenye, agule khofi wa m'chitini. Amalume anamuyang'ana kuyambira ku nsapato mpaka ku jekete, n'kunena kuti msilikali sasintha mawu. Anati mlandu udzakambidwa pa khofi wa Bizweki, ndiye popanda khofi wa Bizweki palibe mlandu. Abwere naye mwini wake m'manja, mpunga usanathe kukololedwa. Ankhoswe anadya nkhuku n'kubalalika.

Elenala, ndinalira pamaso pa amuna anzanga, ndipo sindinachite manyazi. Mayi amene ndinawanyoza anadzuka kukatenga phukusi la achimwene awo, n'kulola kuti mudzi uwasekenso kachiwiri, chifukwa cha munthu amene sankadziwa n'komwe ngati ali moyo. Jameson akuti amene anawagwirira mtondo apongozi pokwera kudenga ndinu. Zimenezo mudzandiuza nokha.

Mpunga ukudulidwa tsopano, ndikudziwa, ndipo sindikutha kukhala pansi. Ndalama za makina anadya amene ndinawasungitsa, ankayesa ndinafa. Sindilimbana nawo, ndilibe nthawi. Anzathu a kwathu asonkha ya ulendo, ndikwera Loweruka kudzera ku Bulawayo. Kamunda ka kumapeto kwa dambo kaja musadule. Kasiyeni kaime ngakhale mbalame zidye, kuti pasapezeke wonena kuti kukolola kwatha.

Makina ndilibe, jekete ndilibe. Ndikatsika pa Songani Dunstan aimbe belu mmene angafunire. Mu sutikesi muli bulangeti, kathumba ka a Owuma, ndi khofi wosakazinga amene ndagula kwa Mgiriki yemwe uja. Ameneyu sindimupatsa munthu wina kuti anyamule. Amalume adzakazinge mwa njira yawo, ndidzakhala pansi mpaka kapu yachitatu, ndipo nkhani ya ku Abisiniya ndidzaimvetsera ngati yatsopano. Tsiku lina ndidzakuphikirani wa m'kathumba, timwe woyamba, aliyense kapu yodzaza.

Jameson wandiuzanso kuti njere zowiritsa zija apongozi sanataye. Anaziyanika, anazisunga m'nsupa, akuti ndi ndiwo za mkamwini wawo, adzadya mwini wake. Muwauze kuti ndamva. Kumaso sindingawayang'ane, mwambo ukuletsa, ndipo ngakhale ukanalola sindikanatha. Adzangoika mbaleyo pakhonde n'kulowa m'nyumba. Ndidzadya zonse, ndipo asavutike n'kuthira mchere.

Ndine mwamuna wanu,
Bizweki